Mafunso a Owerenga: Bambo Atatisiya Atadwala Nthawi Yaitali

Makalata a mwezi uno achokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo onse ndi a mabanja amene anadwazika bambo wa pakhomo matenda osachizika mpaka kumuika. Oyankha ndi namwino wosamalira odwala otere m'makomo, mkulu wa mpingo woyendetsa miyambo ya maliro, mmisiri womanga, mlangizi wa zamalamulo, ndi ife akonzi. Mayina a olemba tawasunga.

FUNSO: Akonzi, amuna anga anamwalira mu Juni ndi khansa ya kummero. Madokotala atanena kuti matendawo sachizika, tinabwerera nawo kunyumba ndi botolo la morphine. Sabata yomaliza anasiya kudya, ankangogona, ndipo kupuma kwawo kunkadukiza. Tsopano alamu anga akuti mankhwala aja ndiwo anawamaliza, komanso kuti ine ndinawamana chakudya. Ndikati ndiwakumbukire bambo a ana anga, chimene chimabwera m'maso ndi sabata imeneyo basi. Kodi ndinalakwa? — Mayi wamasiye, Chipoka

NAMWINO: Pepani mayi ndi zovutazi. Simunalakwe, ndipo mankhwala aja si amene anawatenga. Morphine wamadzi amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa pang'onopang'ono malinga ndi ululu. Amamwedwa maola 4 aliwonse chifukwa mphamvu yake imatha m'thupi pakapita nthawi imeneyo. Akaperekedwa motero safupikitsa moyo. Mavuto ake odziwika ndi ena: kudzimbidwa, nseru, ndi tulo tambiri masiku awiri kapena atatu oyamba.

Zimene munaona sabata yomaliza zimaoneka ngakhale pa munthu amene sanalaweko morphine. Imfa ikayandikira, munthu amasiya kufuna chakudya, kenako madzi. Amagona nthawi yambiri, mkodzo umachepa n'kuda, manja ndi mapazi zimazizira. Amapuma mofulumira, n'kuima mwina mpaka theka la mphindi, n'kuyambiranso, ndipo pakhosi pamamveka phokoso la malovu amene sakumezekanso. Njala si imene inawapha. Matenda ndi amene anachotsa njala. Pa khansa ya kummero, imene ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi, chotupa chimatseka njira ya chakudya. Mukanawakakamiza phala, likanalowera kumapapo, akanatsamwa, mwinanso kudwala chibayo pamwamba pa ululu umene anali nawo kale. Ngati munkawanyowetsa milomo ndi kansalu, kuwatsuka m'kamwa ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda, munachita zimene namwino akanachita.

Alamu anu musalimbane nawo nokha. Kawirikawiri woloza chala amakhala amene anafika mochedwa n'kupeza mbale wake atasinthiratu. Pemphani ankhoswe kuti mupitire limodzi kwa anamwino amene ankakupatsani mankhwalawo, mutatenga kabuku ka kuchipatala ka malemu, mmene muli dzina la matenda ndi milingo yonse. Ku Salima kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachizika, ndipo m'zipatala za maboma mulinso anamwino a ntchito yomweyi. Mawu amene alamu anu sangawamve kwa inu akawamva kwa iwo. Ngati m'botolo munatsala morphine, mukamubweze komweko. Asakhale pawindo pamene mwana angafikire, ndipo musagawireko mnansi amene akumva dzino.

Zoti sabata yomaliza ndiyo ikukubwererani, zimachitikira odwazika ambiri miyezi yoyamba. Tulutsani m'chipinda zonse za matenda, pepala la pulasitiki loyala pamatiresi, mabotolo, beseni, ndipo pakhoma pakhale chithunzi chawo ali ndi thupi lawo. Pezani munthu amene anawadziwa ali mnyamata azikusimbirani. Ikadutsa miyezi 6 mukulepherabe kugona, kudya kapena kupita kumunda, kanenenitu kuchipatala. Koma maganizo ofuna kudzipha akabwera, musawerenge miyezi, pitani tsiku lomwelo.

FUNSO: Zikomo akonzi. Pa maliro a bambo athu chaka chatha, mbiri inalembedwa usiku pasiwa, mothamanga. Theka lake linali mayina a zipatala zimene anagonako. Dzina la mudzi wawo linalakwika, ndipo mchemwali wathu wa kwa mayi ena sanatchulidwe, nkhani imene ikuvutabe mpaka lero. Mu Ogasiti tili ndi mwambo wa chikumbutso, ndipo akuluakulu andipatsa ine kuti ndilembe mbiri ina. Ndiyambire pati? — Mwana wachisamba, Dwangwa

MKULU WA MPINGO: Achimwene, yambirani pa mapepala, kenako pa anthu. Sonkhanitsani chiphaso cha unzika, khadi la ubatizo, mtchatho wa ukwati, ndi makalata a kuntchito ngati ankagwira yolembedwa. Zaka zobadwa zikasiyana musadabwe, poti pa kalembera wa ziphaso wa 2017 akuluakulu ena ankangoyerekeza. Khulupirirani pepala lakale kwambiri.

Mukatero khalani pansi ndi alongo awo a malemu, kapena atsibweni awo ngati akadalipo. Iwo ndiwo amadziwa mfunda, mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Kanyenda, kwa Malengachanzi kapena kwa Mwadzama. Agogo mukawafunsa kuti bambo anakwatira chaka chanji, ayankha kuti aiwala. Afunseni ngati chinali chisanagwe chilala cha 1992 kapena chitadutsa, referendamu ya 1993 inawapeza ali kuti, pa njala ya 2002 ana analipo angati. Chaka chimatulukira chokha.

Mbiri yowerenga pagulu isapitirire mphindi 5, amene ndi mawu pafupifupi 500, masamba awiri olemba pamanja. Matenda apatseni ziganizo ziwiri zokha: anayamba kudwala liti, anamwalira liti ndipo kuti. Munthu wakhala zaka 60, wadwala miyezi 8, ndiye mbiri yonse ithere pa miyezi 8 ija? Dzina la matenda litchulidwe pokhapokha mayi anu atavomera. Mabanja ena amafuna linenedwe poyera kuti manong'onong'o a ufiti athe, ndipo pa khansa zimathandizadi. Ena safuna, ndipo ndi ufulu wawo.

Malo otsalawo apite kwa munthuyo. Mawu akuti "anali wokonda anthu, woopa Mulungu" amanenedwa pa maliro alionse, moti palibe amawamvanso. Funsani mayi anu, ana ndi anzawo a malemu funso limodzi: mukawakumbukira mumawaona akutani? Wina anena kuti madzulo ankakhala pakhonde akusoka ukonde, wayilesi ikulira pambali, ndipo palibe ankaloledwa kuyankhula nthawi ya nkhani. Wina anena kuti malipiro akatuluka ankabwera ndi kampango womangirira pa chiwongolero cha njinga, mutu wake n'kukhala wawo, osagawa. Sankhani ziwiri kapena zitatu zoterozo. Pamenepo m'pamene anthu amagwedeza mitu. Musawasandutse mngelo ayi. Ngati anali aukali, aliyense pamwambopo akudziwa. Mukhoza kunena kuti sankasekerera ulesi, ndipo ana aseka chifukwa adziwa chimene mukutanthauza.

Ana onse atchulidwe motsata kubadwa, posayang'ana kuti mayi wake ndani. Mchemwali wanuyo mupiteko nokha mwambo usanafike, mukamuwerengere, asadzamvere pagulu limodzi ndi alendo. Zidzukulu ziwerengedwe ndi anthu awiri payekhapayekha, chifukwa nambala imeneyi ndiyo imalakwika kawirikawiri. Ndipo chonde, pothokoza musathere pa abusa ndi mabwana a kuntchito. Amene ankachapa zofunda usiku, kawirikawiri mayi anu kapena mlongo wina amene anasiya banja lake kudzadwazika, atchulidwe dzina poyamba.

Mukamaliza werengerani mayi anu ndi mwini mbumba kukadali masiku atatu. Wowerenga pamwambo akhale ndi womuthandiza pafupi, poti misozi imadula mawu ngakhale a munthu wolimba mtima. Jambulitsani makope kuti mwana aliyense asunge lake.

FUNSO: Mwana wanga wazaka 6 amafunsa tsiku ndi tsiku kuti ababa abwera liti. Tinamuuza kuti apita ku ulendo. Papita miyezi itatu. Nditani? — Mayi, Khombedza

NAMWINO: Mayi, muuzeni zoona sabata ino, asanamvere kwa anzake kumjigo. Mawu akhale ochepa: "Ababa anadwala kwambiri ndipo anamwalira. Sapumanso, samvanso kuwawa, ndipo sabweranso." Musanene kuti agona, chifukwa mwana amayamba kuopa tulo. Wamsinkhu umenewu samvetsa msanga kuti imfa sibwerera, choncho adzafunsabe kangapo. Muyankheni chimodzimodzi, osamukalipira. Pali zitatu zimene ana amaopa koma sanena: kuti iwo ndiwo anachititsa, kuti chimfine chawo chiwapha, ndi kuti inunso muchoka. Ziyankheni asanafunse. Akayamba kukodza pamphasa kapena kukukakamirani, zimatha zokha. Dziwitsani aphunzitsi ake, ndipo mupatseni kanthu ka bambo ake, kaya chipewa, kakhale kakekake.

FUNSO: Achimwene athu anaikidwa mu Febuluwale. Abale a kutauni akufuna chiliza chimangidwe msanga. Koma kumanda kwathu ziliza zingapo zinang'ambika pakati, china chinapendekeka chisanathe chaka. Chimalakwika n'chiyani, ndipo tigule zipangizo zochuluka bwanji? — Mng'ono wa malemu, Lifuwu

MMISIRI: Chimalakwika ndi changu, kenako maziko. Dothi lobwezeredwa m'manda limakhala losatsendereka, ndipo bokosi likawola pansi pamatsala mphako. Manda ayenera kudutsa dzinja lathunthu. A mu Febuluwale aona mvula yakumapeto yokha, choncho dikirani ikubwerayi, mudzamange pakati pa Meyi ndi Ogasiti chaka chamawa. Pakadali pano, pamene patitimira thirani dothi n'kutsendera, ndipo ikani kachitsulo kolembedwa dzina kuti manda asasokonekere.

Dothi la kwanuko lili mitundu iwiri, yonse yovuta. Kufupi ndi nyanja ndi mchenga, umene umagumuka. Kumadambo a mpunga ndi makande, amene amafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka m'chilimwe. Pa onse awiri maziko asakhale pamwamba pa dzenje. Kumbani ngalande yozungulira kunja kwa dzenje lakale, pa dothi limene adzukulu sanalikhudze, masentimita 25 mulifupi, kuya kwake 50, pa makande 60 kapena kuposa. Pansi pake thirani konkire wa masentimita 15 muli zitsulo ziwiri za Y10 (zonenepa mamilimita 10) zozungulira, n'kumanga njerwa zootcha mpaka mizere itatu pamwamba pa nthaka. Silabu ikhale yochindikala masentimita 10, muli zitsulo zopingasa zotalikirana masentimita 20, nsonga zake zitakhala pa makoma. Ikatero, ngakhale dothi la m'kati lititimire, silabu imatsamira pa makoma ndipo sing'ambika. Ziliza zimene mukuona zothyoka pakatizo, ambiri anangothira konkire pa mtumbira.

Pa chiliza cha mamita 2.6 mulitali ndi 1.4 mulifupi, konzekerani matumba 8 a simenti a makilogalamu 50, njerwa pafupifupi 300, mawilibala 10 a miyala, 10 a mchenga, ndi zitsulo 5 za Y10 za mamita 12. Konkire asakanizidwe ndi ndowa imodzi ya simenti, 2 za mchenga, 4 za miyala. Dothi lomangira njerwa ndi kupulasitala, imodzi ya simenti pa 5 za mchenga. Yezerani ndowa, osati fosholo, poti fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana.

Mchenga wosalala wa m'mbali mwa nyanja ndi wabwino pa pulasitala, koma pa konkire funani wamtsinje, wokhakhala. Kuti muuyese, thirani masentimita 10 m'botolo, dzazani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Matope okhala pamwamba akayandikira sentimita imodzi, mchengawo utsukidwe kapena usiyidwe. Simenti ya mibulu yosaphwanyika ndi chala yamwa chinyezi, ibwezeni. Madzi asachuluke posakaniza, ngakhale anyamata amakonda konkire wamadzi chifukwa savuta kuthira. Cholakwika chachikulu chimabwera ntchito itatha: onse amabwerera kumudzi, konkire n'kupsa ndi dzuwa. Fundikani masaka onyowa kapena udzu, ndipo pakhale munthu wothirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Matailosi amakongola tsiku lovundukula, koma padzuwa la kunyanja amasomphoka pakapita zaka zochepa. Pulasitala wabwino wopaka penti, kapena terazo, amapirira. Zolemba pa mwala muyambe mwazilemba papepala ndi zilembo zazikulu, anthu atatu aone dzina ndi zaka, mmodzi akhale mayi wamasiye, chifukwa mwala ukasemedwa sufufutika.

Musanagule chilichonse, mwini mbumba akaonane ndi amfumu, ndipo kumanda mulowe ndi adzukulu, makamaka kumene kuli dambwe. Ngati banja ndi la Chisilamu, monga ambiri m'mbali mwa nyanjayi, funsani kaye ashehe. Ambiri amangoika chizindikiro chosavuta, mphamvu zawo n'kupita ku sadaka.

Ine ndi womanga, koma ndinenepo za chakudya, chifukwa nthawi zambiri chimadya ndalama kuposa chiliza. Kilogalamu ya ufa imadyetsa anthu pafupifupi 5, ya mpunga 6, ndipo mbuzi yakumudzi imatulutsa nyama ya makilogalamu 10 mpaka 12. Werengerani pamenepo musanaitane magalimoto a alendo. Ngati ana a malemu ali ndi ngongole ya fizi, auzeni a kutauniwo kuti manda adikira, koma teremu sidikira.

FUNSO: Bambo athu anali ndi boti, injini ndi ukonde wa chilimira. Sanalembe wilo. Atangometa maliro, abale awo anatenga injini akuti akasunge, ndipo tsopano akufuna boti, akuti ndi chikumbutso cha mbale wawo. Mayi athu akuopa kuyankhula. Lamulo likuti chiyani? — Mwana wamkazi, Chia

MLANGIZI: Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, likuti munthu akamwalira wosasiya wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo, amene ndi makolo ake amene ankawasamalira kapena ana aang'ono amene ankawaphunzitsa. Ana aakazi ndi aamuna ali ndi ufulu wofanana, ndipo ana a kwa mayi ena nawonso ali ndi gawo. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi mayi wamasiye. Abale a malemu amene sankadalira iye alibe gawo pamene mkazi ndi ana alipo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo.

Choyamba pezani chiphaso cha imfa ku ofesi ya National Registration Bureau kuboma. Ngati bambo anamwalirira kunyumba, yambirani kwa amfumu kuti achitire umboni. Lembani katundu yense, nambala ya injini, malisiti ngati alipo, ndi mayina a alovi, asodzi ogwira ntchito pa botilo, amene angachitire umboni kuti zida zinali za ndani. Kenako ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi pamaso pa amfumu, injini ibwezedwe, ndipo zogwirizana zilembedwe n'kusainidwa. Akakana, pitani ku ofesi ya DC, imene imathandiza pa chuma cha masiye, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. A Legal Aid Bureau amaimira anthu osowa ndalama za loya. Musazengereze, chifukwa injini ikagulitsidwa kudoko lina kuipeza n'kovuta.

Komabe mawu a chikumbutso aja musawataye onse. Abale a bambo anu nawonso aferedwa. Jekete, ndodo, wotchi, Baibulo kapena tasibihi, mayi anu akhoza kuwapatsa mwaulemu pa tsiku logawa zovala, ndipo nthawi zambiri mitima imatsika. Chimene chimadyetsa ana ndicho chisachoke pakhomo.

FUNSO: Mu foni ya malemu amuna anga muli zithunzi ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp amene ankatumizira ana ali m'chipatala. Mphwawo akufuna foniyo. Ndisunga bwanji mawu awo? — Mayi, Senga Bay

AKONZI: Foni isachoke m'manja mwanu musanachite izi, ndipo wina asaifufute kuti ayambe kugwiritsa ntchito. Akaunti ya WhatsApp imatha kuchotsedwa ikakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti, ndipo nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa wina. Ikani mayunitsi pang'ono, tsegulani data, ndipo uthenga uliwonse muutumize ku mafoni a abale awiri okhala kosiyana. Pemphani wodziwa kompyuta akopere mawu ndi zithunzi pa memory card kapena fulashi, imene muisunge m'botolo lotseka bwino chifukwa cha chinyezi cha kunyanja. Zithunzi zisanu kapena khumi zimene mumazikonda kazitsukitseni zikhale zapapepala, ndipo kumbuyo lembani ndi pensulo malo, chaka ndi mayina a amene alipo. Ngati pa nambalayo panali ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, pitani ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso cha imfa, chiphaso chanu ndi kalata yosonyeza kuti ndinu woyang'anira chuma cha malemu. Mukamaliza zonsezi chotsani simu khadi, foni apatseni alamu anuwo.